Nuru Awerenga ndi Zala

Ku Nkope kunali mtsikana wina. Dzina lake anali Nuru. Nuru ankakonda nyimbo. Ankakonda sukulu. Koposa zonse, ankakonda nkhani za m'mabuku.

Nuru anabadwa wosaona. Njira ankaidziwa ndi mapazi. Anthu ankawadziwa ndi mawu. Koma panali chinthu chimodzi chimene ankachilakalaka. Ankafuna kuwerenga buku yekha.

Pasukulu pawo panali kachipinda ka mabuku. Ana ankakatchula kuti laibulale. Lachisanu lililonse, ana ankalowamo. Aliyense ankatenga buku. Nuru nayenso ankatenga buku. Ankalitsegula. Ankalinunkhiza. Ankalisisita ndi zala. Masamba ake anali osalala. Zala zake sizinkamva kanthu.

Mnzake Fyness ndiye ankamuwerengera. Fyness ankawerenga bwino. Koma belu likalira, ankatseka buku. Nkhani inkathera panjira.

"Kodi mwanapiye uja anapezeka?" Nuru ankafunsa.

"Tidzamva Lachisanu linalo," Fyness ankayankha.

Lachisanu linalo linali kutali.

Aphunzitsi awo anali Madamu Lusiya. Tsiku lotsekera sukulu, Madamu anaima kutsogolo kwa kalasi.

"Ana inu, mukapume bwino," iwo anatero. "Ine sindipuma ayi. Ndikupita kusukulu."

Ana anaseka. "Aphunzitsi kupita kusukulu?"

"Inde," anatero Madamu. "Aphunzitsi nawonso amaphunzira."

Ana onse anaseka. Nuru yekha sanaseke. Chaka chatha, aphunzitsi ena anapita kukaphunzira. Aphunzitsi amenewo sanabwererenso.

Ana atatuluka, Nuru anatsala. Anagwira dzanja la Madamu.

"Madamu, mudzabwera?"

"Ndidzabwera, Nuru."

"Zoona?"

"Zoona. Ndikupita chifukwa cha ana ngati iwe. Ndikufuna ndizikuphunzitsa bwino."

Nuru anasiya dzanja lija pang'onopang'ono.

Tchuthi chinali chachitali. Bambo ake a Nuru, Che Jaffalie, anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo, pafupi ndi msewu. Amayi ake ankagulitsa zitumbuwa pambali pake. Nuru ankakhala pamkeka. Ankamvetsera makina akulira. Ankamvetsera anthu akudutsa.

Minibasi ikaima, Nuru ankatchera khutu. Ankamva anthu akutsika. Ankamva akulonjerana. Koma mawu a Madamu sankawamva.

"Ababa, sukulu atsegula liti?"

"Posachedwapa, mwanangu."

Mawa lake ankafunsanso. "Ababa, sukulu atsegula liti?"

"Posachedwapa, mwanangu," bambo ake ankayankha, uku akuseka.

Tsiku lotsegulira sukulu linafika. Fyness anadzamutenga Nuru m'mamawa. Analowa m'kalasi. Anakhala pansi. Nuru anatchera khutu. Kenaka chitseko chinatseguka.

"Mwadzuka bwanji, ana?"

Anali mawu a Madamu Lusiya. Nuru anamwetulira. Anayankha mokweza kuposa ana onse.

Madamu anawafotokozera za kumene anapita.

"Tinalipo aphunzitsi ambiri," iwo anatero. "Ena amaphunzira kulankhula ndi manja, kuti athandize ana osamva. Ena amaphunzira kuthandiza ana amene amachedwa kugwira zinthu. Ine ndimaphunzira kuthandiza ana osaona."

"Amakupatsani mayeso?" anafunsa Fyness.

"Ambirimbiri. Tsiku lina anatimanga nsalu kumaso. Anati tiyende mpaka pakhomo. Ine ndinagunda mpando. Ndinagundanso tebulo."

Ana anaseka. Ulendo uno Nuru anaseka nawo.

"Madamu, mukanayenda chogwira khoma," iye anatero.

"Ukadakhalapo ukanandithandiza," anatero Madamu.

Sabata yomweyo, galimoto inafika pasukulu. Inabweretsa makatoni. M'makatonimo munali mabuku atsopano. Ana anathandiza kuwanyamula. Laibulale yonse inanunkhira mapepala atsopano.

"Ili lili ndi chithunzi cha ndege," anatero mwana wina.

"Ili lili ndi njovu," anatero wina.

Nuru anatenga buku limodzi. Analisisita. Linali losalala. Anatenga lina. Nalonso linali losalala. Anatenganso lina. Losalala. Nuru anapinda manja. Anakakhala pakona.

"Nuru, tambasula manja," anatero Madamu. "Pali katoni ina."

Madamu anamuika buku m'manja. Linali lalikulu. Linali lolemera. Nuru analitsegula. Anaika zala patsamba loyamba. Zala zake zinaima.

Patsambapo panali timadontho. Tinali totukuka, ngati njere za mapira. Tinali m'mizere. Tinadzaza tsamba lonse.

"Madamu, ichi n'chiyani?"

"Zimenezo ndi zilembo, Nuru. Anzako amawerenga ndi maso. Iwe uziwerenga ndi zala."

"Ndiwerenge lero?"

"Lero tiyamba. Kuwerenga kubwera bwinobwino."

Madamu anabweretsa thireyi ya mazira yodulidwa. Inali ndi maenje asanu ndi limodzi. Anabweretsanso timiyala. Anaika kamwala kamodzi m'dzenje lapamwamba, kumanzere.

"Gwira apa. Ichi ndi chilembo a."

Nuru anagwira. "A," iye anatero.

Madamu anaikanso kamwala kena pansi pake. "Gwiranso. Ichi ndi b."

"B," anatero Nuru.

Tsiku lililonse, ana akaweruka, Nuru ankatsala. Fyness ankamudikira. Anayamba ndi timiyala. Kenaka anapita pa timadontho ta m'buku. Timadontho tinali tating'ono kwambiri. Zilembo zina zinkafanana. Nuru ankasokoneza. Ankayambiranso. Ankasokonezanso.

Tsiku lina anatseka buku. Misozi inalengeza m'maso mwake.

"Madamu, zala zanga zatopa. Sindingathe."

Madamu anakhala naye pamkeka.

"Inenso ndinkatero kumaphunziro kuja," iwo anatero. "Tsiku lina ndinawerenga mpaka thukuta. Palibe chimene chinkamveka. Mnzanga anadzandiuza kuti ndazondotsa buku."

Nuru anapukuta misozi. "Inuyo, Madamu?"

"Ineyo. Tiye tipume lero. Mawa tiyesanso."

Mawa lake anayesanso. Mkuja wake anayesanso. Dzuwa linatentha. Mango anapsa. Mvula yoyamba inagwa. Nuru ankaphunzirabe.

M'mawa wina, chala chake chinayenda pamzere. Chinapeza a. Chinapeza n. Chinapezanso a. Nuru anabwerera poyamba. Anayendetsanso chala.

"Ana," iye ananong'ona. "Madamu, apa alemba kuti ana."

"Eya, alemba kuti ana," anatero Madamu. "Pitiriza."

Nuru anapitiriza. Anawerenga liwu lina. Anawerenganso lina. Belu linalira, koma iye sanalimve.

Patapita masabata angapo, Madamu anamupatsa buku la nkhani.

"Ili upite nalo kunyumba," iwo anatero. "Udzabweze Lolemba. Usalinyowetse, ndipo usalikhalire. Timadontho tingaphwanyike."

Nuru analikulunga m'chitenje. Analikumbatira njira yonse.

Anapeza bambo ake akusoka pakhonde paja. Amayi ake ankakazinga zitumbuwa.

"Wanyamula chiyani, mwanangu?" anafunsa amayi ake.

"Buku, Amayi. Ndikufuna ndikuwerengereni."

Bambo ake anaimitsa makina. Anapukuta manja. Anagwira tsamba limodzi.

"Ine ndikungomva ngati mchenga," iwo anatero.

"Si mchenga, Ababa. Ndi mawu. Tamverani."

Amayi ake anaphula chiwaya pamoto. Anadzakhala pamkeka. Nuru anaika buku pamiyendo. Anapeza mzere woyamba.

"Ahmad anali ndi njinga," iye anawerenga. "Njinga yake inalibe belu."

Ankawerenga pang'onopang'ono. Penapake ankaima. Ankabwerera m'mbuyo. Palibe amene anamufulumizitsa. Amayi ake anapukuta m'maso ndi mpango.

Nkhani ili mkati, kunabwera bambo wina. Anali Che Hafiz. Anadzatenga malaya awo.

"Che Jaffalie, malaya anga aja mwamaliza?" iwo anafunsa. "Ndili paulendo."

"Atsala mabatani okha," anatero bambo ake a Nuru. "Koma khalani kaye pabenchipo. Mwana wanga akuwerenga."

Che Hafiz anayang'ana Nuru. Anayang'ana zala zake. Anatsamiritsa njinga yawo kukhoma. Anakhala pansi.

"Ndaphonya poyamba," iwo anatero. "Mwanawe, ungayambirenso?"

Nuru anamwetulira. Anabwerera patsamba loyamba. Ndipo anayambiranso.