Khungu la Hilda

Ipyana ankagwira ntchito m'kashopu koikira nyimbo m'mafoni, pafupi ndi depoti ya Karonga. Makasitomala akachepa, ankatsegula filimu imodzi yomweyomweyo, *Mvula ya ku Ngara*, imene achinyamata a m'bomalo anajambula masiku omwe mgodi wa Kayelekera unkayenda. Anaionera koyamba ali kamtsikana kwawo ku Vinthukutu, ndipo mtima wake unatsalira momwemo.

Koma filimuyo inali itazunzika! Ena anaijambulanso pa TV ndi foni, ena anaipaka mitundu yawoyawo kuti iwale, mpaka inasuluka ngati chitenje cha kumunda. Mpunga wa m'dambo unatuwa, thambo linasanduka lachikasu, ndipo Hilda, mtsikana wosewera mbali yaikulu, nkhope yake inafiira ngati njerwa. Amene anaijambula poyamba anapita ku Joni kalekale osamvekanso. Ipyana analumbira kuti adzabweza mitundu yoyamba ija pa laputopu yake, chithunzi ndi chithunzi, ngakhale panalibe womutuma.

Tsiku lina masana m'shopumo munalowa mnyamata wa malaya ositidwa bwino.

"Asisi, mundiikireko nyimbo za…" Mawu anathera panjira, maso ali pa laputopu. "Imani kaye! Diresi limenelo silinali lofiirira. Linali lobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi."

Ipyana anatembenuka msanga. "Mukuidziwa filimuyi, achimwene?"

"Ndinachita kuiloweza. Koma sindimadziwa kuti kuli mngelo amene akuiukitsa."

Ameneyo anali Tonny, kalaliki wa ku ofesi ina ya boma, wochokera ku Ntcheu. Nyimbo anaziiwala. Anatuluka ndi nambala ya Ipyana.

Akaweruka ankabwera ndi chipisi cha mazira, n'kukhala pa kampando pambali pake. Sabata isanathe "asisi" uja anasanduka "bebi," ndipo foni ya Ipyana sinkapumanso.

"Duwa langa la ku Vinthukutu, wadya?"

"Moyo wanga unali wosuluka ngati filimu ija. Iwe ndiwe wabweza mitundu."

Ndi mtsikana uti sangasungunuke? Anyamata a pa depoti ankamuseka kuti akutaya nthawi ndi kafilimu ka makedzana. Uyu yekha ndiye ankawomba m'manja mpunga ukayamba kubiriwira. Ipyana anagwa m'chikondi mutu ndi miyendo yomwe.

Kenako linabwera lonjezo.

"Ukadzamaliza, ndidzalipira holo ndi kuitana anthu," anatero Tonny atamugwira dzanja. "Filimu ikadzatha, magetsi n'kuyaka, ndidzagwada pamaso pa onse ndi kukuveka mphete. Iweyo, Ipyana. Ndalumbira!"

"Usandinamize, Tonny. Mtima wanga ndi umodzi."

"Ndikakunamiza mphezi indiwombe."

Mphezi za ku Karonga zili ndi ntchito zambiri, zimenezi sizinazimve.

Dambo, thambo ndi diresi zinatheka. Chovuta chinali khungu la Hilda. Pamenepo Tonny ankasanduka munthu wina.

"Wadetsa kwambiri!" ankatero. Mawa lake: "Tsopano wayeretsa ngati wodzola mankhwala. Kodi maso ako amaona?"

Tsiku lina Ipyana analira. "Ndidziwa bwanji ine? Munthuyu sindinamuonepo ndi maso!"

Posakhalitsa uthenga unalowa. Chinali chithunzi cha mkono wa mkazi, wokhala ndi kachipsera kooneka ngati nyemba pafupi ndi chikhatho.

"Pepa, wa pamtima wanga. Uwu ndi mkono wa msuweni wanga wa ku Ntcheu. Khungu lake ndi limenelo ndendende. Uziyerekezera pamenepo."

Ipyana anaika chithunzicho pakona ya sikirini. Ankayang'ana mkono, n'kuyang'ana tsaya la Hilda, n'kuchepetsa kufiira pang'ono, n'kuyang'ananso. Miyezi inapita chonchi, maso akuwawa, makasitomala akudandaula. Mkono umenewo anaudziwa kuposa wake womwe.

Tsiku lomwe Ipyana anamaliza, Tonny anaonera filimu yonse, misozi ikulengeza m'maso. Ipyana anayesa kuti misoziyo ikubwera chifukwa cha iyeyo. Ha, mwana wa eni!

"Tidzaonetsa mwezi wa mawa, bebi," anatero Tonny akuponya m'thumba fulashi imene anakoperamo filimuyo. Kuyambira pamenepo mauthenga anayamba kubwera ngati mvula ya chilimwe. "Ndatanganidwa." "Tili pa msonkhano."

Loweruka lina masana foni inalira. Anali a Zebedee, bambo wobwereketsa pulojekita ndi zimkuzamawu pa maukwati.

"Ipyana, iwe ndiwe ukudziwa za makompyuta. Kuno ku holo filimu ya a Tonny ikukana kutseguka. Bwera luwiro na laputopu yako, anthu adzaza kale!"

Ku holo? Lero? Mtima wa Ipyana unadumpha. Ndiye kuti Tonny amafuna kumudzidzimutsa! Anatseka shopu, nathamangira kunyumba, navala diresi lake la ku tchalitchi. Anapakanso zikhadabo, kuti chala chidzaoneke bwino pa zithunzi.

M'holomo munali mabaluni ndi keke. Ipyana analowera khomo la kumbuyo, nalumikiza laputopu yake, filimu n'kuyamba.

Anthu anafuula! Mpunga unabiriwira mpaka kumva fungo lake. Amayi ena achikulire anaimirira akuloza nyumba zawo za ku Ngara. Hilda ataonekera, khungu lake likuwala ngati munthu wamoyo, holo yonse inaimba nthungululu. Ipyana anagwira pachifuwa. Ntchito ya manja ake imeneyi!

Filimu inatha. Magetsi anayaka. Tonny anaimirira atavala suti, maikolofoni ili m'manja.

"Abale, filimuyi ndaikonza ndekha, miyezi yambiri osapuma, chifukwa cha munthu mmodzi."

Ndekha? Ipyana anaimirira. Mwina akuseleula. Anakonza diresi, nayamba kuyenda pang'onopang'ono pakati pa mipando.

Tonny sanayang'ane kumbuyo. Anagwada pa mzere woyamba, pamaso pa mkazi wina amene anaimirira atatseka pakamwa. Mkaziyo atatembenuka, Ipyana anaima pomwepo. Nkhope imeneyo anali ataikonza kambirimbiri. Anali Hilda, wamkulu tsopano, koma yemweyo.

Hilda anatambasula dzanja kuti alandire mphete. Pafupi ndi chikhatho panali kachipsera kooneka ngati nyemba.

Msuweni wa ku Ntcheu uja!

Anthu anavina, keke inadulidwa. Ipyana anabwerera pa laputopu yake n'kuyamba kukulunga mawaya. Afuule? Amukhulupirira ndani, mtsikana wa pa depoti, pamaso pa bwana wa suti?

Asanathawe, Hilda anafika akukoka Tonny padzanja.

"Asisi, a Zebedee akuti ndinu mwatipulumutsa pa mawaya. Ndaga fijo, zikomo kwambiri!" Hilda anamwetulira ndi mtima woyera, ndipo chimenecho chinapweteka koposa. "Mwaona zimene wandichitira bamboyu? Ine ndili ku ntchito ku Mzuzu, ndinkangodandaula kuti filimu yanga inawonongeka. Osadziwa kuti mnzanga akuvutika nayo kuno!"

Ipyana anayang'ana Tonny. Anayembekezera manyazi, ngakhale pang'ono chabe. Tonny sanaphethire n'komwe.

"Ndi mtsikana wa pa depoti uyu, amaika nyimbo m'mafoni," Tonny anauza Hilda. Kenako anatembenukira kwa Ipyana. "Paja dzina lako ndani, sisi?"

Duwa la ku Vinthukutu lija! Mngelo uja!

"Ipyana," anayankha motsitsa mawu.

"Taonani, a Ipyana," Hilda anaika mkono wake pafupi ndi sikirini, pamene chithunzi chake chinaima. "Khungu langa ndendende! Ndinkakayika zomulola, ndisaname. Koma lero ndadziwa kuti munthu amene wandiyang'ana motere amandikondadi."

Ipyana anatseka laputopu, natuluka. Palibe anamuitana.

Lolemba anatsegula shopu monga mwa masiku onse. Makasitomala atachepa, dzanja linapita lokha pa filimu imene anaikonda kuyambira ubwana. Hilda atangoonekera ndi khungu lake lokongola lija, Ipyana anaona mphete, anaona suti, anamva funso lija. Anaizimitsa msangamsanga.

Anafufuza filimu yakale ija, yosuluka, ya thambo lachikasu ndi nkhope yofiira ngati njerwa. Anaitsegula, naiyang'ana misozi ikugwera pa zikhadabo zopaka zija.

Tonny sanangomulanda mphete. Filimu imene Ipyana anaiukitsa ndi maso ake, Karonga yense ankaionera tsopano m'mafoni, kupatula iye yekha.