Muvi Wonama pa Boti la a Goliati

Mlendoyo anafika padoko m'mawa, mvula itangokata. Anali wamtali, wa imvi za apo ndi apo, chikwama chakuda chili kumsana. Sanafunse mtengo wowolokera, sanafunsenso njira. Anangokhala patsinde pa mkuyu n'kumayang'ana boti ngati munthu amene wapeza mbuzi yake m'khola la eni.

Benson sanamukonde. Masiku amenewo mtima wake unali kale m'mwamba. Bambo ake, a Goliati, anali chigonere kunyumba mwendo uli m'chikhakha, ndipo ntchito yowolotsa anthu pa mtsinje wa Bua inagwera iye, mnyamata wa Fomu 3, tchuthi chonse. A Goliati anali munthu wosayankhulayankhula. Ngakhale Benson akawafunsa kuti dzina lakelo anamutcha potengera yani, ankangoyang'ana kumbali. Koma pomupatsa kiyi anayankhula momveka.

"Geji iyi imaonetsa mmene injini ikuthamangira. Muvi ukafika pa kadontho kofiirako, bweza moto. Injini imeneyi ndiye munda wathu."

Gejiyo Benson anaiswa sabata yoyamba yomwe, ataigwetsera batire la munthu wina wowoloka. Kunyumba sananene. Anapalasa njinga mpaka ku Nsaru, nagula geji yakale kwa ogulitsa zitsulo, nailumikiza yekha, waya wofiira ku wofiira, wakuda ku wakuda, n'kudontheza penti pamalo omwe aja. Muvi unkayenda ndithu. Chodabwitsa chinali chakuti ngakhale awonjezere moto chotani, sunkayandikira n'komwe kadonthoko.

"Mwana wanga," mlendo uja anaitana Benson atabwera kuchokera kutsidya, "injini yako ikulira mopempha chifundo."

"Muwoloka kapena ayi, bambo?"

"Geji imeneyo si yake, eti?"

Mayi Anastazia, amene ankagulitsa zitumbuwa padokopo, anakodola Benson. "Samala naye ameneyo. Akuba injini amayamba choncho, kusirira."

"Ngati simuwoloka chokani," Benson anatero mokweza mawu. "Pano si padepoti."

Koma ulendo wamasana, amayi a madengu a tomato ndi bambo wina wanjinga atakwera, nayenso anakwera n'kukhala kumbuyo, pafupi ndi Benson.

Bua anali atakwiya tsiku limenelo. Madzi ofiira ankabwera ndi zitsa ndi mapesi a chimanga cha eni. Pakati pa mtsinje boti linayamba kutengedwa chammbali. Benson anayang'ana geji. Muvi unali pansi, kutali ndi kadontho. Anawonjezera moto. Anawonjezeranso. Kenaka fungo la chinthu chopserera linamulasa m'mphuno, utsi n'kuyamba kutuluka pachivindikiro cha injini.

"Bweza moto!" mlendo anakuwa.

"Koma geji ikuti..."

"Geji ikunama! Mvera ndi khutu lako!"

"Mayo ine, ana anga!" mayi wina analira atakumbatira dengu.

Benson anamvetsera. Injini inkalira mokweza ngati nkhumba yomangidwa miyendo. Anabweza moto. Pomwepo mlendoyo anapisa mkono pansi pa mpando wakumbuyo, osayang'anako n'komwe, natulutsa nkhafi yaifupi imene a Goliati ankabisa kumeneko. Iye akupalasa, injini ikuthandiza pang'onopang'ono, anakagunda mabango kumunsi kwenikweni kwa doko. Anthu anatsika m'matope akutukwana, tomato akuyandama.

Atatsala awiri, mlendoyo anatulutsa kampeni m'chikwama n'kupatsa Benson.

"Masula wekha. Unaimanga ndiwe."

Kumbuyo kwa geji kunali kabatani kotembenuza, kozunguliridwa ndi manambala ang'onoang'ono. Benson anali asanakaonepo.

"Geji iyi inachoka pa injini yamtundu wina," mlendoyo anafotokoza. "Ukapanda kuitembenuza apa kuti igwirizane ndi yako, imawerenga theka. Tembenuza. Basi, pomwepo. Nanga waya wakudayu unam'manga pamsomali wadzimbiri chifukwa chiyani? Pala pachitsulo mpaka pawale, um'mange zolimba."

Injini itazizira anailiza. Benson anakankha moto kufika pamene ankayendetsera masiku onsewa. Muvi unalumpha, nudutsa kadontho kofiira n'kukagunda kumapeto. Benson anazimitsa injini msanga.

"Ndaiotcha?"

"Yatsala pang'ono. Makaniko ayenera kuitsegula isanalowenso m'madzi. Bambo ako adziwe lero."

"Akandipha ine. Ndikangowauza kuti madzi achuluka, anthu sakuwoloka..."

Mlendoyo anasisita m'mphepete mwa boti ndi chala. "Kunali mnyamata wina amene anaotcha injini yoyamba ya boti lino," anatero. "Anaopa nkhope ya mkulu wake. Anasiya kiyi pampandopo n'kukwera basi ya ku Mchinji. Ankati abwerera mkwiyo ukatha, koma manyazi ankakula chaka ndi chaka. Amayi ake anaikidwa m'manda iye kulibe."

Benson anayang'ana nkhafi ija, nayang'ananso munthuyo. Funso linafika pamlomo, koma analimeza. Anamanga boti kumtengo, natola geji yosweka ija imene anaibisa m'bokosi la zitsulo, n'kuuyamba wa kumudzi. Kumbuyo ankamva mapazi akumutsatira chapatali.

Anapeza a Goliati pakhonde, mwendo uli pampando. Anagwada n'kuika geji yosweka patsogolo pawo.

"Ababa, ndinaswa ndine. Ndinagula ina, ndinailumikiza molakwika, ndipo injini yatsala pang'ono kupsa. Lero anthu akanamira chifukwa cha ine. Amene atipulumutsa ndi bambo awo, koma ndinawathamangitsa padoko, dzina lomwe sindinawafunse."

Anadikira mbama, koma sinabwere. A Goliati sankayang'ana geji, sankayang'ananso iye. Maso awo anali pa munthu amene anaima pansi pa mtengo wa mango, chipewa chili m'manja, akulephera kuponda pabwalo.

"Benson," a Goliati anaitana.

"Wawa, ababa?"

"Sindikuitana iwe. Ndikuitana mng'ono wanga, mwini wake wa dzina lakolo."