Chikho Kuseri kwa Nkhokwe

Jesinta anaponya mphasa mumtsinje nalavula malovu. Fungo la mkodzo linali litamulowa mpaka kukhosi. Unali mwezi wa Juni m'chaka cha 1917, ndipo chisanu cha kumapiri a Dedza sichinyengerera mwana. Zala zake zinali zitang'aluka mpaka kutuluka magazi, koma mphasayo inayenera kutsukidwa ndithu, monga dzulo ndi dzana.

Mwini mphasayo anali mchimwene wake, Gerevazio. Mnyamatayu anatengedwa kukasenza katundu kunkhondo ya azungu ali ndi mapewa odzaza khomo, koma anabwerako atatsala mafupa okhaokha. Ankamwa madzi ngati ng'ombe, madziwo n'kumangodutsa. Pomwe wakodza, nyerere zinkadzaza bii ngati patayika uchi. Chonyansa koposa chinali mpweya wa m'kamwa mwake, womwe unkanunkha masuku owola. Mayi awo anali amasiye ndipo ankatandala kudimba, choncho uve wonsewu unagwera Jesinta.

"Kodi achimwene akowo mowa amaupeza kuti poti sayenda?" anafunsa mnzake Flossie atagwira mphuno. "Fungo lija ndi la chidakwatu."

Atsikana onse pamtsinjepo anaseka. Jesinta anachita manyazi, manyaziwo nasanduka mkwiyo. Pokwera chitunda kubwerera kwawo, anapeza nzeru yomwe kwa iye inaoneka yakupsa: chosalowa sichituluka. Atafika anatulutsa mtsuko wa madzi m'nyumba ya wodwalayo, chikho n'kukachibisa kuseri kwa nkhokwe. Sanafunse munthu. Paja nzeru zayekha anaviika nsima m'madzi.

"Jesinta, madzi," anatero Gerevazio dzuwa lili pamutu.

"Atha, achimwene. Mudikire."

Gerevazio anamuyang'ana kumaso, kenako anayang'ana manja a mlongo wakeyo kwa nthawi ndithu. Anatembenukira kukhoma, ndipo sanapemphenso.

M'mawa mwake mphasa inali itangonyowa pang'ono. Jesinta anasangalala, osabisa. Anaotha dzuwa pakhonde ngati mwana wa mfumu, uku akumva anzake akutsikira kumtsinje. Koma tsikulo lisanathe, Gerevazio anayamba kusanza ndi kugwira pamimba. Kupuma kwake kunasintha, kunali kozama ndi kofulumira ngati akukweranso phiri atasenza bokosi. Fungo la masuku lija linadzaza nyumba yonse, moti Jesinta ankaimirira pakhomo atatseka mphuno ndi nsalu.

Mayi awo anathamanga kukaitana a Bernadetta, mayi yemwe ankathandiza masisitere akumishoni kusamalira odwala. A Bernadetta sanaime pakhomo. Anagwada pamphasa pomwepo, nanunkhiza m'kamwa mwa wodwalayo osakwinya nkhope. Anatsina khungu la padzanja lake, khungulo linangoima osabwerera. Lilime linali louma gwa.

"Uwu si mowa," anatero. "Masisitere amati ndi shuga wochuluka m'magazi. Thupi likudzidya lokha, ndiye fungo mukumvali. Mankhwala ake kulibe, ngakhale kwa azungu komwe. Chomwe tingathe n'kumutchinjiriza ku ludzu, chifukwa ludzu ndilo limamuthamangitsira kumanda. Madzi wamwa liti?"

Mayi awo anatembenukira kwa Jesinta.

"Musamufunse mwanayo, amayi," anatero Gerevazio ndi mawu osasa, akupumira pakati. "Ndakana ndekha. Ndimafuna mphasa iume. Taonani manja akewo."

Bodza limeneli linamulasa Jesinta kuposa ndodo. Achimwene ake ankadziwa zonse, ndipo anasankha kuuma kukhosi kuti iye aothe dzuwa. Tsopano Jesinta ananyansidwa koposa kale, koma osati ndi mphasa kapena fungo. Ananyansidwa ndi iye mwini. Anathamangira kuseri kwa nkhokwe, nabwerera chikho chili m'manja, chitamatirira dothi ndi mankhusu. Aliyense anachiona chikhocho, ndipo palibe anafunsa komwe chinali.

"Chitsuke, ubwere ukhale apa," anatero a Bernadetta. "Uike mutu wawo pamiyendo pakopo. Usawakhuthulire, angatsamwe. Pang'onopang'ono, kaya asanza, udikire n'kuyambanso. Akagona uziwagoneka chammbali kuti masanzi asawatseke kukhosi. Milomo ikauma uzinyowetsa ndi kansalu. Akanyowetsa pogona usachedwe kuwapukuta, khungu lingachite zilonda."

Jesinta anakhala pansi nanyamula mutu wa achimwene ake. Unali wopepuka momvetsa chisoni. Mpweya uja unamuwomba kumaso, nseru inakwera, iye anaimeza. Anayandikiza chikho pamilomo yong'aluka ija, ndipo Gerevazio anamwa maso ali otseka.

Dzuwa litapendeka, Jesinta anamva kufunda kukuyenderera pansi pa mwendo wake. Gerevazio anatsegula maso mwamanyazi.

"Pepa, mlongo wanga. Basi, chotsa chikhocho."

"Imwani, achimwene," anatero Jesinta misozi ikugwera m'chikhomo. "Mtsinje sunaphwe."

Masiku otsatira ankatsuka mphasa m'mawa ndi madzulo, akuthamanga kuti asapeze milomo itauma. Komabe nthendayo sinabwerere m'mbuyo. Gerevazio anayamba kugona tulo tosadzutsika, ndipo Lamulungu lina m'mawa analeka kupuma, mutu uli pamiyendo pa mlongo wake, milomo ili yonyowa.

Maliro atatha, Jesinta anatsikira kumtsinje ndi mphasa ina yomwe inatsala m'nyumbamo. Flossie anamupeza atagwada m'madzi ozizira aja.

"Bola tsopano upume, mnzanga," anatero Flossie motsitsa mawu. "Komatu mphasayo yayera kale."

Jesinta anaiyandikiza kumphuno kufunafuna fungo lija, koma madzi anali atalitenga lonse. Anaibwezera m'madzi napitiriza kutsuka.