Chidindo cha Mwini Njinga

Alzira anatseka muzeu, nyumba ija yosungiramo zinthu zakale, machapa, maminibasi aja, onse atasiya kale kuyenda. Chinamuchedwetsa ndi mapepala amene alendo amalembapo zimene zawakomera ndi zimene akufuna zikonzedwe. Ambiri ankadandaula za pokhala. Koma za kachipinda ka katundu wa anthu amene anathawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, palibe ndi mmodzi yemwe amene analembapo kanthu. Ndiye shefi wake, bwana wa muzeuyo, anali atagamula kuti mawa masana kachipindako akakhuthule, aikemo mabenchi. Alzira zinamuwawa, koma akanatani poti mapepala ankatero?

Analowera kwawo ku Lulimile wapansi. Chisanu cha ku Lichinga mukuchidziwa, chimalowa mpaka m'mano. Atayandikira manda, chifunga chinatsika. Agalu analeka kuuwa. Zii!

Kenaka kwii... kwii... ngati tcheni chouma cha njinga.

Anacheuka. Njinga panalibe. Panali bambo wachikulire, manja ali kutsogolo ngati akukankha chinthu.

"Boa noite, mwanangu," anatero bamboyo. "Inu mumangofunsa odziwa kulemba Chipwitikizi. Ife timaima m'kachipinda muja mpaka miyendo kuwawa, koma pepala osatipatsa."

Alzira anangotulutsa pepala limodzi n'kumupatsa. Bamboyo anaviika chala chachikulu m'matope ofiira nadinda.

Apo chifunga chinang'ambika. Mayo ine! Kumbuyo kwa bamboyo kunali mzere wa anthu, mitolo pamutu, ana kumsana, mzere wosaoneka pothera. Ankayenda osamveka mapazi. Mantha anamuchoka Alzira, anangogwira pakamwa, misozi ili chuchuchu, mpaka womaliza atadutsa.

Kutacha sanadikire olemba. Anakhala pakhomo la kachipindako ndi cholembera, n'kumafunsa aliyense pakamwa, m'Chinyanja ndi m'Chiyao. Mbiri inafika kumsika, anthu anabwera ndi madengu awo omwe. Pofika masana shefi anawerenga mulu wonsewo, anakanda mutu, nalamula kuti mabenchi aikidwe pakhonde.

Womaliza kufunsidwa anali mayi Assia, wogulitsa nyemba. Iwo anaima pa njinga yakale yotsamira khoma, akusisita chishalo.

"Imeneyi inatinyamula ana atatu mpaka kumalire ku Mandimba, ababa akukankha," anatero.

Maso awo anagwera pa pepala la matope lija, limene Alzira analiika pambali. Chidindocho chinali ndi mzere wochidula pakati.

"Chala cha ababa Chabwera ichi! Sipoko inawacheka paulendo womwewo. Mwachitenga kuti, achemwali?"

"Anandidindira dzulo usiku, amayi. Kodi amakhala kuti?"

Mayi Assia anakhala pansi pang'onopang'ono.

"Tinawaika mu 1994, chaka chomwe tinabwerera. Manda a panjira ya ku Lulimile aja."