Galimoto Yolira Pakona

Kunyumba onse ankamutchula Mzime. Anali mtsikana womaliza kubadwa. Mzime ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kufika kusukulu mwakachetechete.

Koma galimoto ya Abambo inali ndi mwano.

Pakona ya msika inkalira, kwiiii!

Pakona ya chipatala inkalira, kwiiii!

Pageti ya sukulu ndiye inkachita kunyanya, kwiiiiiii!

Ana onse ankathamangira kumpanda. "Nkhumba ya Mzime yafika!" ankakuwa choncho. Mzime ankabisa nkhope m'chikwama.

"Abambo, galimoto ikuliranso," anatero Mzime.

"Ndiikonza pompano," anatero Abambo. Anakweza wailesi. "Ukuimvanso?"

"Ndikuimvabe."

Abambo anakwezanso wailesi.

Amayi anaithimitsa. "Kumeneko si kukonza ayi. Loweruka tonse kugalaja. Sindibwerezanso."

Loweruka linafika. Anapita kugalaja. Amakaniko anatuluka kunsi kwa lole. Anali ndi oilo pamphuno.

"Yatani galimotoyi?" anafunsa Amakaniko.

"Imalira," anatero Abambo.

"Imalira bwanji?"

"Imati nyiiii, ngati kamwana ka mphaka."

"Bodza," anatero Amayi. "Imati kweeee, ngati chitseko chadzimbiri."

"Nyiiii!"

"Kweeee!"

"Basi, basi," anatero Amakaniko. "Ilire yokha."

Abambo analiza injini. Onse anatchera khutu. Kulira kuja kunalibe.

Abambo anagogoda boneti. "Lira tsopano, iwe! Usandichititse manyazi pagulu."

Galimoto sinalire.

"Ili ngati ana anga," anatero Amayi. "Akangoona dokotala, matenda onse balala."

Amakaniko anamenya tayala ndi phazi. Anasuzumira kunsi. Anayang'ana ngati muli mphaka. Munalibe mphaka.

"Galimoto yanu ili bwinobwino, bwana. Pitani nayoni."

Mzime anakumbukira ana a kusukulu. Lolemba anawo adzakhalanso pampanda! Anakoka ovolosi ya Amakaniko.

"Amakaniko, ikaima siilira."

"Eya, mwanawe."

"Pamsewu woongoka siilira."

"Nanga imalira pati?"

"Pakona pokha. Abambo akapotoza chiwongolero."

Amakaniko anatembenukira kwa Abambo. "Bwanji simunanene, bwana?"

"Ine pakona ndimakhala ndikukweza wailesi," anatero Abambo.

Amayi anangowayang'ana.

Amakaniko anatsegula boneti. Anamunyamula Mzime kuti aone. "Manja kumbuyo, mwanawe. Bwana, potozani chiwongolero mpaka chigome."

Abambo anapotoza. Anapotozanso.

KWIIIIIII!

Galu wa pagalaja anathawa. Amayi anatseka makutu. Mzime anaomba m'manja.

"Uyo! Akulira ndi uyo!" Analoza kalamba kakuda.

"Wamugwira," anatero Amakaniko. "Lamba ameneyu amathandiza chiwongolero. Wakhwefuka. Pokhota amaterereka. Akaterereka amalira."

"Wakhwefuka ngati lamba wa buluku la Abambo?"

Abambo anakweza buluku lawo msangamsanga.

Amakaniko anathimitsa injini. Anatenga sipanala. Anamanga, anamanga, anamanganso. Abambo analizanso injini. Anapotozera kumanja. Zii. Anapotozera kumanzere. Zii.

"Mwana uyu ali ndi makutu," anatero Amakaniko.

"Anatengera ine," anatero Abambo.

"Kwerani tizipita," anatero Amayi. "Zochapa zikundidikira."

Lolemba m'mawa ananyamuka.

Pakona ya msika, zii.

Pakona ya chipatala, zii.

Pageti ya sukulu, zii!

Koma geti inali yotseka. Alonda anali pampando, atafulatira msewu. Ankamwa tiyi. Abambo anadikira. Anadikirabe. Amayi anatambasula dzanja n'kuliza hutala. Piiii!

Alonda anadzidzimuka. Tiyi anatayikira pansapato. Anathamanga n'kutsegula geti.

"Pepani, bwana! Ine ndimatsegula ndikamva kwiiii. Mwaitani galimoto yathu?"

"Yachira," anatero Mzime.

"Kuyambira lero muziona ndi maso," anatero Amayi.

Mzime anatsika. Anayang'ana kumpanda. Kunalibe ndi mwana mmodzi yemwe. Onse ankasewera mpira. Palibe anadziwa kuti wafika.

Mzime anaseka. Anakumbatira Abambo. Anakumbatira Amayi. Anapsompsona ngakhale galimoto.

Amayi anamupukuta fumbi pakamwa. Anamukonza kolala.

"Chabwino, tasangalala tonse," anatero Amayi. "Tsopano thamanga. Belu latsala pang'ono kulira."