Gawo la Mwini Kanema

Lachisanu masana, amuna a pa Nkholongue ali ku mzikiti, Gervásio anakocheza bwato lake kuseri kwa baraka ya a Rachide, kagolosale koonetseramo kanema. Anali munthu wa imvi, wosabapo ngakhale nthochi. Anazula chitseko chakumbuyo n'kulowa. Ananyamula TV, kabokosi kake ndi batire. Kenako anakwera pamtengo n'kumasula mbale ya setilaiti. Chingwe chotchajira batire sanadule ayi, anachikulunga bwinobwino n'kuchikoleka pamsomali. Potuluka anasiya kampango wowamba patebulo. Kuba nakonso kumafuna luso, ndipo mkuluyu analibe ngakhale pang'ono.

Zonsezi zinayambira pa mwana wake, Ercília. Mtsikanayo anali ku Maputo, pa mpikisano wa pa TV wa ophunzira olimbirana bolsa, mwayi wophunzira ku yunivesite osalipira. Onsewo ankakhala m'nyumba imodzi, makamera akuwalondola paliponse, ndipo Loweruka lililonse wolephera mafunso ankamanga katundu. Mudzi wonse unkakhamukira ku baraka kukaona mwana wawo.

Koma mayi wake, Joaquina, anali asanamuonepo. Chifereni ziwalo chaka chatha, ankangogona m'nyumba yawo ya pamtunda, ndipo masiku amenewa ngakhale phala ankalikana. Kumutsitsa pa kanjira ka miyala kaja kukanakhala kumupha. Gervásio naye sankapita ku baraka. Ankati sangakaone mwana yekha, mnzake maso ali kudenga. Anansi akabwera ndi nkhani za mpikisano, Joaquina ankafunsa chimodzi chokha, pakamwa pali popotoka: "Wanenepa?"

Gervásio anali atapempha kale kuti abwereke TV ija.

"Tsiku la finali?" anatero a Rachide. "Ndiye anthu anga adzaonera khoma?"

Sanalakwe. Koma Gervásio ankaona mmene mkazi wake ankathera, ndipo anachita mantha.

Loweruka la finali m'mawa anasambitsa Joaquina, kumuveka kapulana, chitenje chake cha paukwati, n'kumutsamiritsa pamapilo moyang'ana TV.

"A Rachide atibwereka," anamunamiza.

Analumikiza mawaya monga ankaonera. TV inayaka, koma inangolemba timawu tiwiri ta Chipwitikizi tonena kuti palibe sinali. Anatuluka panja n'kulimbana ndi mbale ija, mphepo ya mwera ikumukankha. Dzuwa linafika pamutu, kenako linapendeka. Chithunzi osabwera.

"Odi kuno!"

Pabwalo panaima wapolisi wamkazi wa ku Metangula, ajenti Denise. Pambuyo pake panali a Rachide, nkhope ili gwaa, kampango ali m'manja. Kumunsi kwa kanjira kunali chinamtindi cha anthu a m'mudzi.

"A Gervásio, nsomba iyi mukuidziwa?" anafunsa Denise.

"Ndi gawo la mwini, shefi," anayankha, pomulemekeza ngati bwana.

"Gawo lanji?"

"Kuno ukatenga bwato la mnzako iye palibe, umamusiyirako nsomba. Ndi mmene tinakulira."

"TV si bwato, bambo."

"Mudzi wonse uno amene amaika mbedza za kampango ndi inu nokha!" anakalipa a Rachide. "Nanga ndi wakuba uti amakulunga chingwe? Mukanangosiya ndi chipewa chomwe!"

Anakankha chitseko n'kulowa kuti atenge katundu wawo. Anangoima pakhomo. Joaquina anali pamphasa, atadzola mafuta, tsitsi lopesa, maso ali pa galasi lopanda kanthu. Anali atatsala mafupa okhaokha.

"Mwabwera kudzatikonzera, achimwene?" anatero movutikira. "Mulungu akudalitseni potibwereka."

A Rachide anayang'ana pansi. Anayang'ana kampango. Kenako anamuika pambali.

"Eya, mayi," anayankha. "Mwera ndiwo wandichedwetsa."

Anatuluka n'kulunjika pa mbale ija.

"Mwailozetsa kuti imeneyi?"

"Ku Maputo," anatero Gervásio. "Si kumene kuli mwanayo?"

Denise anatembenuka kuti asaoneke akuseka. A Rachide anaizungulitsa pang'onopang'ono, kuikweza, kuitsitsa, mpaka m'nyumba munamveka nyimbo. Koma zitsulo zomangira mbaleyo Gervásio anazisiya pamtengo ku baraka. Akangoisiya, mphepo inkaigwedeza ndipo chithunzi chinkathawa.

"Pafunika munthu woigwira mpaka kumapeto," anatero a Rachide.

"Ndigwira ine," anayankha Gervásio.

Denise anamuyandikira. "Finali ikatha, tikupita."

"Ndamva, shefi."

Anthu analowa mpaka m'nyumba munalibe popondera. Ena anaunjikana pazenera. Gervásio anaima kuseri kwa khoma, mikono ili m'mwamba, mbale ili pamutu. Sankaona kalikonse. Ankangomva Chipwitikizi chothamanga, kuwomba m'manja, ndi anthu akuusa moyo. Apa ndi apo ankamva mawu a mwana wake, omwe aja ankawerengera mabuku pansi pa thandala la usipa. Mapewa anayamba kuyaka moto. Thukuta linalowa m'maso. Sanasunthe.

Kenako kunagwa bata lalitali. Mwadzidzidzi nthungululu zinang'amba denga.

"Wapata! Bolsa ndi yake!"

Phokoso litachepa, mawu a Ercília anamvekanso. Ulendo uno sanali a Chipwitikizi.

"Amama, ngati mukundiona, idyani phala. Ababa, ndikudziwa simunapite ku baraka. Wina akawauze kuti ndapambana."

Gervásio analira ngati mwana. Mbale inapendekeka, chithunzi n'kuzima.

"Gwirani bwino, inu!" anakuwa anthu onse pamodzi.

Anagwira bwino mpaka nyimbo yotsekera.

Anthu ali mkati movina, a Rachide anakokera Denise pambali.

"Shefi, ine ndakumbukira. Ndinawabwereka ndekha."

"Dzulo munalumbira kuti wakuba wazula chitseko," anatero Denise. "Nkhani inafika kale kwa akuluakulu. Mudzanene zimenezo Lolemba ku Metangula, ndipo mudzalawire."

"Ndidzafika tambala asanatsike."

Denise anapita kuseri kwa khoma. "A Gervásio, ndakumangani pa mlandu wothyola baraka ndi kuba."

Anatulutsa unyolo. Koma mikono ya mkuluyo inali itauma, yosatheka kuipinda. Anauyang'ana unyolowo n'kuubwezera m'lamba.

"Ndani atsale ndi odwala?"

"Ine ndigona pano," anatero Mwamini, mnansi wawo.

"Tsanzikani msanga, bambo."

Gervásio anasuzumira pazenera. Joaquina anali akuyang'anabe TV, misozi ikutsikira m'khutu.

"Make Ercília, ndikuperekeza alendowa ku Metangula. Ndibwera."

"Pitani bwino."

Kenako Gervásio anafunsa motsitsa mawu.

"Wanenepa?"

"Waonda," anatero Joaquina. "Sakumudyetsa kumeneko. Koma akamaseka ndi inu ndithu."

Gervásio anatsika kanjira ka miyala kaja ali patsogolo, wapolisi ali pambuyo. Asanafike patali anamva Mwamini akukuwira ana kuti abweretse nkhuni msanga.

"Fulumirani! Akuti akufuna phala!"