Kapu ya Vivian ndi Lipenga la Asekuru

Ana inu, senderani pafupi. Inunso akuluakulu, lekani kaye phokoso. Lero tikumbuke Bambo Josphat Sakala a ku Epworth. Aja oliza lipenga aja. Tinawaika m'manda mvula isanagwe. Koma misozi ikhale kaye. Mverani za mdzukulu wawo Vivian, ndi kapu yake.

Vivian anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Anali ndi kapu imodzi. Inali ya chitsulo, yoyera, ya maluwa ofiira. Bambo ake anamugulira asanapite ku Joni kukagwira ntchito. Tiyi ankamwera momwemo. Mahewu ankamwera momwemo. Kapu inali yake, yakeyake.

Tsiku lina m'mawa kapu inasowa.

Vivian anayang'ana m'kabati. Mulibe. Anayang'ana m'beseni. Mulibe. Ndiye anamva kuseri kwa nyumba.

Waa-wa! Waa-wa!

Anathamangira komweko. Anapeza agogo ake, Bambo Josphat. Iye ankawaitana kuti Asekuru, monga amachitira ana a ku Harare. Dzanja lamanja linali pa lipenga. Dzanja lamanzere linali ndi kapu! Akatseka kukamwa kwa lipenga ndi kapu, lipenga linkanong'ona. Akatsegula, linkafuula. Linkamveka ngati munthu akulankhula.

"Asekuru! Kapu yanga!"

"Dikira pang'ono, mdzukulu."

"Simunapemphe!"

Asekuru anaseka. "Ndipemphe m'nyumba mwanga momwe? Ha!"

Vivian anapsa mtima. Anamwera tiyi m'kapu ya pulasitiki. Tiyi sanakome.

M'mawa mwake kapu inasowanso. Tsiku linalo inasowanso. Kenako inabwera itagamuka utoto. Duwa limodzi linali litachoka.

Vivian anathamangira kwa amayi ake, Mayi Jenipher. Iwo anali kusanja tomato wa kumsika.

"Amayi, onani duwa langa!"

"Iwe, ndi kapu chabe iyo."

"Ndi yanga! Sanapemphe!"

"Wamkulu sapempha kwa mwana. Choka, ukundipondera tomato."

Vivian anachoka. Anakakhala pamwala, ali ndwii. Anzake anamuitana kukasewera. Sanapite. Galu anamunyambita phazi. Anamuthamangitsa.

Lamlungu kunabwera mlendo. Anali mtsikana wa ku yunivesite, dzina lake Fadzai. Ankatsogolera bandi yaikulu ya kusukuluko, yoimba nyimbo za jazi. Anaomba m'manja mwaulemu.

"Makadii, Sekuru," anatero Fadzai powapatsa moni. "Ndinakumvani pa ukwati ku Sunningdale. Lipenga lanu limalankhula. Loweruka masana tili ndi zoimbaimba. Mudzakhale mlendo wathu. Mudzalize nyimbo yolankhula ija."

Asekuru anavomera ndi mutu. Maso awo ananyowa. Zaka makumi atatu anagwira ntchito m'fakitale ku Msasa. Lipenga ankaliza pa maukwati ndi pa maliro basi. Palibe anawaitanapo ku holo yaikulu. Palibe ndi mmodzi yemwe.

Fadzai anaona kapu patebulo. Anainyamula.

"Chinsinsi chanu ndi ichi, Sekuru?"

"Eya," anatero Asekuru. "Kapu yangayi."

Vivian anali pakhomo. Anamva ndi makutu ake. Kapu yawo? Yawo? Mtima wake unawira ngati ketulo.

Loweruka m'mawa Vivian analawirira. Anatenga kapu. Anaikulunga m'juzi. Anaiika m'chikwama cha kusukulu. Chikwama anachikumbatira.

Asekuru anavala jekete. Anavala chipewa. Anapukuta lipenga. Ndiye anayamba kufunafuna.

"Vivian, waiona kapu?"

"Ili m'chikwama mwangamu."

"Bweretsa."

"Ayi."

"Ukuti chiyani?"

"Ayi. Simunapemphe."

Mayi Jenipher anadzuka kuti alande chikwama. Asekuru anawaletsa. Nawonso tsopano anali atakwiya.

"Musiyeni, Jenipher! Ine ndigwadire mwana chifukwa cha kapu? Ku yunivesite kuli zipangizo zenizeni. Si zomwera mahewu izi."

Anakwera kombi onse atatu. Asekuru anayang'ana kuwindo. Vivian anayang'ana pansi. Asekuru ali ndwii. Vivian ali ndwii. Mayi Jenipher ali pakati, akungopukusa mutu.

"Mbuzi ziwiri pa mlatho umodzi," anatero amayi. Palibe anaseka.

Holo inali yaikulu, inu. Anthu anali thothotho. Pansanja panali anyamata ndi atsikana khumi ndi asanu ndi awiri. Ena anali ndi malipenga aafupi. Ena aatali, okoka. Ena okhota ngati khosi la tsekwe. Panali ng'oma. Panali piyano.

Fadzai anakweza dzanja. Bandi inayamba. Mipando inanjenjemera!

Kenako Fadzai anati, "Landirani mlendo wathu, Sekuru Josphat Sakala a ku Epworth!"

Asekuru anakwera pansanja. Analiza nyimbo yoyamba, yopanda chotsekera. Mukanawamva! Mawu anakwera mpaka kudenga. Anthu anaomba m'manja. Vivian sanaombe. Manja ake anali pa chikwama.

Ndiye inafika nyimbo yolankhula ija. Mnyamata wina wa m'bandi, Denzel, anawapatsa chotsekera lipenga cha m'sitolo. Chinali chonyezimira. Asekuru anali asanachigwirepo. Anachilowetsa. Anauzira.

Nyiii!

Linalira ngati udzudzu.

Anayesanso. Nyiii! Lipenga silinalankhule. Thukuta linayamba kutsika pamphumi. Anthu ena anayamba kuseka.

Bambo wina kumbuyo kwa Vivian anati, "Mudhara watopa uyu. Akapume kunyumba."

Vivian anatembenuka. Maso ake anali psuu.

"Sanatope! Ndi asekuru anga amenewo! Inu mumatha kuliza chiyani?"

"Vivian!" anatero amayi.

Bamboyo anatseka pakamwa. Vivian anakwiya ndi bamboyo. Anakwiya ndi oseka aja. Koma ndi Asekuru anali wokwiyabe. Chikwama sanatsegule.

Asekuru anakweza dzanja. Bandi inaima. M'holo monse munangoti zii.

Anabweza chotsekera chija kwa Denzel. Anapita pa chokuzira mawu. Anavula chipewa.

"Anthu inu," anatero, "nyimbo iyi imalankhula ndi kapu. Kapuyo si yanga. Ndi ya mdzukulu wanga. Ndinkatenga osapempha. Ndinagamula duwa lake. Ndinalakwa."

Ndiye anayang'ana kumene kunali Vivian.

"Mayi Vivian, pepani. Ndibwerekeniko kapu yanu, chonde."

Anthu onse anatembenuka. Vivian anaimirira. Anayenda pang'onopang'ono. Anakwera masitepe. Anatsegula chikwama. Anamasula juzi. Kapu ija, mbee!

Asekuru anatambasula dzanja.

"Sindibwereketsa," anatero Vivian.

Mayi Jenipher anagwira kumutu. Fadzai anayang'ana pansi. Asekuru anangoti kakasi, dzanja lili m'malere.

"Inu mumagamula maluwa," anatero Vivian. "Ndigwira ndekha."

Holo yonse inaphulika ndi kuseka. Asekuru anaseka mpaka kutsokomola. Denzel anabweretsa mpando. Asekuru anakhala. Lipenga linafika pa msinkhu wa Vivian.

"Mvera," ananong'ona Asekuru. "Ndikaponda phazi, utseke. Ndikakweza, utsegule."

"Ndikudziwa. Ndinkakuonani masiku onse aja."

"Uli ndwii pamwala?"

"Lizani, Asekuru. Anthu akudikira."

Fadzai anakweza dzanja. Ng'oma zinayamba chapansipansi. Asekuru anauzira. Vivian anatseka. Anatseka kwambiri! Lipenga linangoti pfuu, ngati nkhumba. Vivian anachita tsinya. Anayesanso. Phazi pansi, tseka. Phazi m'mwamba, tsegula.

Waa-wa!

Linalankhula!

Waa-wa-waa! Lipenga linakalipa ngati mwana wolandidwa chake. Waa-wa! Linapepesa ngati nkhalamba. Malipenga aatali anayankha. Okhota aja anayankha. Piyano inathamanga pambuyo pawo. Vivian sanayang'anenso phazi. Dzanja lake linkadziwa lokha.

Mayi Jenipher analiza nthungululu. Bambo wonyoza uja anaimirira. Anayamba kuvina, manyazi ataiwala.

Nyimbo itatha, anthu sanafune kukhala pansi. Fadzai anagwira dzanja la Asekuru. Anagwiranso la Vivian. Onse atatu anawerama.

Pobwerera, dzuwa linali lisanalowe. Anakweranso kombi. Mayi Jenipher anakhala kuwindo. Vivian anakhala pafupi ndi Asekuru. Asekuru anali atatopa. Mutu wawo unatsika, unatsika, mpaka paphewa la Vivian. Phewa laling'ono, mutu waukulu. Vivian sanasunthe.

Kondakitala anakuwa, "Epworth! Epworth! Watsala mmodzi!"

Vivian anamuyang'ana ndi diso limodzi.

"Achimwene, musakuwe. Asekuru agona."

Kondakitala anaitana anthu monong'ona mpaka kunyumba.

Anakhala zaka zina ziwiri, malemuwo. Ankapempha chilichonse. Ngakhale supuni ankapempha. Ana a pa laini yathu ankabwera dala ndi zinthu zawo kuti apemphedwe.

Tsopano agonadi, ana anga. Sitingawadzutse. Koma dzina lisagone nawo. Mukadutsa ku Epworth, litchuleni. Josphat Sakala. Muwauzenso ana anu. Muziti, kunali munthu wamkulu wouma mutu. Anavula chipewa pamaso pa holo yonse. Anapepesa kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Muziwakumbuka, chonde. Musatope.